Tsiku Limene Mayi Effie Anadzoza Mzungu wa Pakhoma

Mayi Effie Likongwe sankatha kuona munthu wotuwa n'kungomudutsa. Ana a eni ake podikirira basi, akuluakulu a mpingo, ngakhale ine wa imvi, tonsefe tinalawako. Ankakugwira mkono, kuutembenuza ngati akusankha chinangwa pamsika, n'kupukusa mutu.

"Abambo, zigongono izi mwabwereka kwa buluzi?"

Usanayankhe, kabotolo ka vasilini katuluka kale m'chikwama.

Anabadwira ku Songani, panjira yochokera ku Zomba kupita ku Domasi. Bambo awo anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo Lamlungu ankaimba tena kumishoni. Ndiwo anawaphunzitsa manotsi a solofa, do, re, mi, aja olembedwa ndi zilembo wamba ndi timadontho pakati. Pepala likasowa, bambowo ankalemba ndi choko cha utelala pansalu ya kasitomala, mwana n'kuimba, nsalu n'kuikung'untha mwini wake asanafike. Atakula, Mayi Effie anagwira ntchito m'chipatala zaka khumi ndi zinayi, yosambitsa ndi kutembenuza odwala. Amuna awo atamwalira mu 1999 anavutika zaka zitatu, kenaka anasiya ana kwa mchemwali wawo ku Chinamwali n'kutsika ndege ku London atavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba.

Ntchito anaipeza ku Romford, kunyumba yosamalira okalamba. Inali yomwe ija: kusambitsa, kupukuta, kudzoza, kupesa. Ankakwera basi nambala 86 kuchokera ku Ilford kunja kusanayere. Okalamba a Mayi Effie sankasowa. Ankawala ngati mabilinganya. Manijala anawaitanapo mu ofesi chifukwa agogo ena ankangotsetsereka pampando.

"Ndinamuuza," ankatero akamafotokoza, "kuti madamu, kutsetsereka timagwira. Kutuwa ndi chipongwe."

Ife Amalawi a ku Ilford tinkapemphera Lamlungu masana mu holo ya tchalitchi china chakale cha azungu. Eni ake anali atatsala ochepa, mwina khumi ndi asanu, ambiri a ndodo. Iwo ankatuluka 12 koloko, ife n'kulowa 2 koloko, ndipo kwaya yathu inkayeserera momwemo Loweruka masana. Holo imeneyi sitinaipeze mosavuta. Malo awiri anatithamangitsa chifukwa cha nthungululu. Chaka chathunthu tinkapemphera m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala, anthu makumi anayi, ena ataima pamasitepe, fungo la labala lili m'mphuno mpaka pa Ameni. Ndiye kiyi wa holoyo sanali wamasewera. Wapampando wathu, a Felton Chimwaza, dalaivala wa basi, ankamuvala m'khosi pa chingwe cha nsapato, mkati mwa malaya.

Amene anatipatsa kiyiyo anali Mayi Prentice, mzungu wochepa thupi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, amene anayang'anira holoyo kwa zaka makumi atatu. Malamulo awo anali papepala lomata kuchitseko, ambiri onena za ketulo ndi kasanjidwe ka mipando. Limodzi lokha ananena pakamwa, chala chili m'mwamba.

"Musakhudze a Thurlow."

A Thurlow anali chithunzi chopenta, chachitali ngati chitseko, chopachikidwa pakhoma la kutsogolo. Kachitsulo ka m'munsi mwake kankati Jabez Thurlow, woimbitsa kwaya ndi wopeka nyimbo, 1829 mpaka 1894. Akuti m'masiku ake ankaimbitsa anthu mazana atatu mu holo yomweyo, ogwira ntchito kunjanji ndi akazi awo. Anali ndi ndevu zofika pachifuwa, kandodo kudzanja lamanja, pepala kumanzere. Koma zaka zinamukuta ndi chinkhungu choyerera, moti ankaoneka ngati munthu wagona paphulusa. Ife tinkangomuti a Ndevu.

Kwaya inkaima m'munsi mwa chithunzicho, kumufulatira. Woimbitsa yekha, Mayi Effie, ndiye ankayang'anizana naye. Zaka ziwiri anayang'anizana, Loweruka ndi Lamlungu.

"Mwamva, a Ndevu?" ankatero nyimbo ikapotoka. "Alto yagona. Inu munkawatani anthu otere?"

Mnzawo wa pamtima, Mayi Winfrida, namwino wa ku Edmonton, ndiye ankatsogolera altoyo, ndipo sankabweza mawu m'kamwa.

"Effie, bambo ameneyu akukufuna. Taona mmene akukuponyera maso."

"Ayambe wasamba," ankayankha Mayi Effie. Tinkaseka. Palibe anaganiza kuti akunena zoona.

Loweruka lina mu February wa 2006, a Felton anali pa shifiti ya masana, ndiye anavula chingwe chija n'kubwereketsa Mayi Effie kuti atsegulire kwaya. Ine ndimafika msanga paliponse. Ndi matenda a ukalamba. Ndinakhala pafupi ndi hita, manja m'thumba. Mayi Effie anali asanavule yunifolomu ya kuntchito. Anasanja mipando, anabwera pakati, anayang'ana a Ndevu nthawi yaitali. Kenaka anakoka tebulo mpaka kukhoma, anavula nsapato, nakwera.

"Good afternoon, Mr Thurlow," anatero ndi mawu awo a ku Romford. "Ndine Effie. Lero tisamba pang'ono, eti?"

Anayamba ndi kansalu kofewa, kuchotsa fumbi pamphumi ndi m'mbali mwa mphuno, mwaulemu ndithu. Atatero anapisa m'thumba la yunifolomu, natulutsa kabotolo ka vasilini kaja.

Ndinakhosomola.

"Abambo, madzi ali kukhitchini," anatero osacheuka.

Sindinawaletse. Mlandu wanga ndi umenewo.

Anapaka ndi chala chimodzi patsaya. Ndikunena zimene ndinaona: tsayalo linadzuka. Linali lofiira ngati la munthu wochokera pamphepo. Anapaka lina. Maso anatuluka obiriwira, ndipo zinadziwika kuti bamboyu sanali wolusa monga tinkamuganizira. Pakona pa mlomo panali kanseko. Pachifuwa panaoneka tcheni cha wotchi chimene palibe ankadziwa kuti chilipo. Mayi Effie ankang'ung'udza nyimbo, kudzoza ndevu, khosi, zala chimodzichimodzi monga amachitira ndi okalamba awo. Botolo litafika pakati, anafika papepala la kudzanja lamanzere. Anapaka kamodzi n'kuima. Anavala magalasi.

"Iii! Abambo, bwerani muone. Munthuyu ndi wakwathu!"

Ndinasendera. Papepalapo panali mizere iwiri ya zilembo, s, m, f, s, d, ndi timadontho pakati. Anali manotsi a solofa, omwe aja a telala wa ku Songani. Mayi Effie anatulutsa pepala la mashifiti awo, n'kukopera kuseri kwake, chilembo ndi chilembo, ali chiimire patebulo.

Akwaya anayamba kulowa. Mayi Winfrida anaponya chikwama pansi.

"Mayo ine! Wamudzoza!"

"Tamuone mmene wakongolera."

"Wakongola, inde. Ukwatiwe naye tsopano, chifukwa ndiwe wamuyamba."

A Felton anafika mochedwa, jekete la kampani lili pamapewa. Anayang'ana kukhoma, anafufuza mpando ndi dzanja, nakhala.

"Tatha. Tabwerera kumatayala."

"A Chimwaza, munthu anatuwa zaka zana, inu n'kumangomuonerera?"

"Mayi, uyu si resident wanu wa kunyumba ya okalamba! Ichi ndi chithunzi cha eni ake!"

A Felton anakwera patebulo okha ndi mpukutu wa tishu wa kuchimbudzi, kuti apukute msanga. Tishu inanyenyeka n'kumatirira. Atatsika, ndevu za a Thurlow zinali ndi timabuthu toyera ngati munthu wochokera kogulitsa thonje. Tsiku limenelo sitinayeserere.

Lamlungu m'mawa eni tchalitchi anapeza munthu wawo akunyezimira. Ife titafika masana, Mayi Prentice anali ataima pakhomo, dzanja lili chitambasulire. Sanakalipe. A Felton anamasula batani la m'khosi, anavula chingwe, naika kiyi m'dzanjamo. Mayiwo anati komiti yawo ikumana Lachinayi kuti ione ngati tipitirize kapena tichoke, ndipo anakhoma chitseko. Tinapemphera poimika magalimoto, mphepo ikudula makutu. Mlaliki anafupikitsa ulaliki kwa nthawi yoyamba m'moyo wake.

Anthu sanawanene Mayi Effie pamaso, koma ankadutsa patali. Mayi wina wa ana atatu anangoti, "Masitepe aja, kukwera ndi pulamu ya mwana, abale," n'kumapita. Mawu amenewo anawalowa. Ndinawaona akupita kukakwera basi okha, osagwira mkono wa munthu.

Lolemba tinakumana kufulati kwa a Felton. Iwo anali atalemba kale kalata ya Chingerezi ya masamba awiri, yodzaza ndi regret ndi unfortunate.

"Kwathu mlandu satumiza mu envelopu," anatero Mayi Effie. "Ndalakwa ndine. Ndipita ndekha ndi nkhuku."

"Nkhuku? Kuno ndi ku London, mayi."

"Ku London kulibe pakamwa?"

Yamoyo sinapezeke. Anagula yolimba ija ya kubutchala ya ku Ilford Lane, naiphika maola atatu. Wolakwa sadziyankhulira yekha, ndiye panafunika mkulu wopita patsogolo. Anasankha ine. A Felton anati poti sindiyankhula zambiri, sindingaonjezere mlandu.

Lachitatu m'mawa tinafika pakhomo la Mayi Prentice, kanyumba ka mumdadada wa nyumba zogundana, ine patsogolo, Mayi Effie ndi Mayi Winfrida pambuyo atavala zitenje pamwamba pa makhothi. Kunkagwa kamvula. Ndinadina belu. Chitseko chitatseguka, amayi awiriwo anagwada pasimenti yonyowa, mbale ya nkhuku ili patsogolo, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono.

Mayi Prentice anagwira pamtima.

"Agwa? Onse awiri? Ndiitane ambulansi?"

"Ayi, mayi," ndinatero. "Tabwera kudzapepesa."

Kutsidya kwa msewu katani linagwedezeka. Wamakalata anaimitsa kangolo kake n'kuyamba kusanthula makalata amene anali atawasanthula kale.

"Dzukani, chonde. Anthu akuona. Auzeni adzuke!"

"Sangadzuke musanalandire mbale."

Anailanda mbaleyo ngati yotentha, n'kutikankhira m'nyumba tonse atatu.

Anatikhazika kukhitchini, nateleka ketulo, poti mzungu ngakhale atakwiya tiyi sakumana. Ndinanena mawu anga, ndipo anali ochepa. Mayi Effie anaonjezera awo, maso ali pansi, ndipo ananena bwino. Anati iwo ndi amene anakwera patebulo, mpingo sunawatume, ngati pali wochoka achoke iwo, ana a anthu asabwerere kumasitepe.

Mayi Prentice anamvetsera mpaka pamapeto. Anati katswiri wa zithunzi anabwera Lolemba ndi magolovesi ake. Chimene chinawapulumutsa a Thurlow ndi vanishi wakale wokhuthala amene anatchinga utoto. Akanatikita mwamphamvu pang'ono, mphuno ikanatsalira m'manja. Chithunzicho achitenga, ndipo chikakhala kwa katswiriyo miyezi itatu.

"Mukudziwa kuti bambo ameneyu anapulumuka mabomba a nkhondo? Denga linagwa, iye osakandika."

"Koma kwa Effie sanapulumuke," ananong'ona Mayi Winfrida m'Chichewa. Ndinawaponda phazi.

"Ndikuuzeni zoona," anapitiriza Mayi Prentice. "A komiti ambiri akufuna muchoke. Ine ndinakulowetsani, koma mawa ndilibe choti ndikanene."

Tinamwa tiyi. Kulapa kwa Mayi Effie kunali koona, koma sikunkakhalitsa pakamwa. Anaika kapu pansi.

"Ndalakwa, mayi, ndavomera. Koma ndifunse. Nyimbo yake ija bwanji simuiimba?"

"Nyimbo iti?"

"Ya papepala wagwira lija."

"Si nyimbo imeneyo. Ndinaiona Lamlungu. Ndi zilembo chabe, zolemba mwachidule za alembi akale. Nyimbo imakhala ndi mizere isanu ndi timitu takuda."

"Mbululu pamawaya zija? Ayi, mayi. Nyimbo ndi iyi."

Anatulutsa pepala la mashifiti, analitembenuza, analiwongola patebulo. Anagogoda ndi chala kanayi n'kuyamba: so, mi, fa, so, do. Inali nyimbo yoyenda bwino, yokwera ngati munthu wokwera chitunda asakufulumira. Mayi Winfrida analowetsa alto osapemphedwa. Ine ndinaika besi pansi pake, pang'ono chabe. Tili pakati, pomwe nyimbo imafuna kutembenuka, Mayi Effie anadula.

"Apa ndi pomwe chala chake chachikulu chaphimba. Wojambulayo analibe chisoni."

Mayi Prentice anakankha mpando wawo. Anadzuka, anatuluka. Tinamva zinthu zikugubuduka kukabati ya pansi pa masitepe. Mayi Winfrida anati mwina akufuna ndodo. Mayi Prentice anabwera akukoka sutikesi yachikopa yothetheka, naitsegula pansi. Munali mabuku khumi ndi limodzi a zikuto zakuda, olembedwa pamanja, tsamba lililonse lodzaza ndi zilembo ndi timadontho.

"Ndinawatola pamulu wa zinyalala mu 1987, pamene ankakonza chipinda cha abusa. Woimba limba wathu anati si nyimbo. Ndinangowasunga chifukwa pachikuto pali dzina lake."

Mayi Effie anatambasula dzanja. Mayi Prentice analigwira m'malere, analitembenuza, analiyang'anitsitsa.

"Kasambeni kaye. Ndi sopo. Kawiri."

Anakasamba. Atabwera anakhala pansi penipeni, miyendo chitambasulire ngati akusankha nyemba, n'kuyamba kutsegula. Ankang'ung'udza mzere umodzi, kutembenuza tsamba, kung'ung'udza wina. Nthawi zina ankaseka okha. M'buku lachinayi anaipeza, mawu onse anayi olembedwa mosanjikiza, mawu a Chingerezi oyamika zokolola ali m'munsi. Anaiimba kuchokera pachiyambi, anadutsa pamalo a chala paja, naitsiriza.

"Soprano wake ndi wabwino," anagamula. "Alto ali ndi nzeru. Koma besi ndi waulesi, mayi. Do, so, do, basi. Ngati abambo awa."

"A Thurlow analibe ulesi," anatero Mayi Prentice mouma.

"Ndiye kuti mabesi ake ndi amene anali mbuli, anawachitira chifundo."

Mayi Prentice anayang'anitsitsa tsambalo. Kenaka anakoka mpando kufupi, naloza chilembo chimodzi chokhala ndi kamzere pamwamba.

"Nanga aka kakutanthauza chiyani?"

Tinatuluka m'nyumbamo 1 koloko itadutsa. Nkhuku tinadya theka, ndi buledi. Za kiyi sanatchule, ndipo ife sitinafunse.

Lachisanu anatiitana ku holo, a Felton, Mayi Effie ndi ine. Pakhoma panali chibwalo choyera pomwe panali chithunzi, ndi misomali iwiri. Mayi Prentice anati komiti inakangana maola awiri. Tikhoza kukhala. Koma tchalitchi chawo chikwanitsa zaka zana ndi makumi asanu mu June, chithunzi chidzabwerera tsiku lomwelo, chili m'galasi, ndipo iwo eni ake akufuna adzaimbe nyimbo ya a Thurlow ndi pakamwa pawo. Mayi Effie aziwaphunzitsa Lachinayi lililonse. Nyimbo ikadzamveka bwino, za chaka chamawa tidzakambirana bwino.

Atatero anatulutsa kiyi. A Felton anali atamasula kale batani la m'khosi. Mayi Prentice anawadutsa, naika kiyiyo m'dzanja la Mayi Effie.

"Pepani, madamu," anatero a Felton, "wolakwa ndiye walandira kiyi?"

"Inde. Kanthu kena kakadzawala muno, ndizidziwa poyambira kufunsa."

Mayi Effie anasinthanitsa shifiti yawo ya Lachinayi ndi mtsikana wa ku Philippines, n'kutenga ya Loweruka m'mawa imene aliyense ankaithawa. Lachinayi loyamba kunabwera okalamba asanu ndi anayi, amayi asanu ndi awiri ndi abambo awiri, onse awiri matena. Besi analibe, ndiye anandibwereka ine. Mayi Effie anamata pepala lalikulu pachibwalo choyera chija, analemba zilembo kuchokera pansi kukwera m'mwamba, natenga chipande cha kukhitchini cholozera.

"Mabuku pansi. Magalasi m'maso. Ichi ndi do. Nenani."

Ananena, aliyense ndi do wake.

"Do ndi mmodzi, makolo anga. Sitikugawana. Tiyeninso."

Pakutha pa theka la ola, asanu ndi atatu anali atagwirizana. Wachisanu ndi chinayi anali Mayi Prentice. Anakhala kutsogolo penipeni, msana uli chilili, ndipo ankaimba mokweza kuposa onse, mosangalala, pang'ono pansi pa notsi iliyonse. Anzawo akakwera, iwo ankawakokera pansi ngati mwana wokoka chitenje cha amake. Mayi Effie anayesa kawiri, katatu. Anatseka maso. Kenaka anabwera pomwe ndinakhala, ngati akufuna kuona pepala langa.

"Abambo," ananong'ona, "awa ndiwauze?"

"Dikirani June adutse."

Anapuma mozama, anabwerera kutsogolo, namwetulira kumwetulira kwawo kwa ku Romford.

"Mayi Prentice, mawu anu ndi amphamvu, Mulungu anakudalitsani. Mawu otere sakhala kutsogolo. Amakhala kumbuyo kwenikweni, uko pafupi ndi chitseko, kuti azikankha anzawo."

Mayi Prentice ananyamula chikwama chawo ndi mpando wawo, napita kumbuyo monyadira. Atakhala anakweza dzanja.

"Kuno mukundimva bwinobwino?"

"Tikukumvani, mayi," anatero Mayi Effie. "Sunthaninso pang'ono."